Tisataye makina akale opukusa ndi dzanja, tiphunzitsire ana kusoka

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata ndinenepo za makina osokera akale aja opukusa ndi dzanja, omwe ambiri anangowaponya pakona mpaka achita dzimbiri, ena kumawagulitsa ngati zitsulo zotha ntchito. Ine ndikuti tiwatulutse, tiwapukute, ana aphunzirirepo kusoka, anyamata ndi atsikana omwe.

Mwana ukamukhazika pa makina amagetsi akangoponda pang'ono basi makina aliyatsa liwiro, nsalu yakhota ulusi wakolana, iye mantha, mawa sabweranso. Koma apamanjawa liwiro amalamula ndi iyeyo. Akapukusa kamodzi singano imabaya katatu, akasiya nayonso yaima pompo, nde amaona bwinobwino mmene ulusi wapamwamba ukutsikira kukakola wa m'bobini, kachiguduli kokulungapo ulusi wapansi kaja, mpaka msoko kugwira. Msoko wa ulusi uwiri umenewu ndi womwe uja Elias Howe, wopanga makina wa ku America, analembetsa kuboma ngati luso lake mu 1846, ndipo makina a lerowa akusokabe chonchi. Ena amati nanga dzanja lina lili kopukusa nsalu aiwongola bwanji? Limodzi lomwelo likwana, amene amakoka nsalu ndi timano tapansi tija, mwana ntchito yake nkungoilondolera osati kuikoka. Komanso poti amangosoka msoko wowongoka, palibe timabatani tambirimbiri tomusokoneza.

Za masipeyala musaope kwambiri. Mitundu ya makina ngati Singer 99 yomwe inayamba kupangidwa mu 1911, ngakhalenso Singer 15 ndi 66, zimalola singano zomwezi za makina apakhomo a masiku ano, ndipo mabobini ake akupangidwabe. Mukaona nambala yake ili ndi K kumapeto, monga 99K, dziwani anapangidwa ku Clydebank ku Scotland, fakitale inatsekedwa mu 1980 koma makinawo akusokabe chifukwa ndi chitsulo chenicheni mkati monse. Chomwe amafuna nkuchotsa zinyalala za ulusi pansi pa singano ndi kadontho ka oyilo wa makina, chonde osati mafuta ophikira, amenewo amamata nkuwalimbitsa.

Poyamba mwana asoke pa pepala lojambula mizere, singano yopanda ulusi, mpaka azolowere kukhota pakona. Kenako kachikwama, kenako azigambe yekha malaya ake ong'ambika. Wamkulu azikhala pafupi chifukwa singano imabaya ndithu, ndipo makinawa ndi olemera, mwana asamawanyamule yekha.

Aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu a achinyamata, funsani makolo amene ali nawo m'nyumba akubwerekeni, ndipo mupemphe telala mmodzi adzakuonereni ngati ulusi ukukoka bwino ana asanayambe.

Wowerenga wanu