Lipoti la msonkhano wa chitetezo cha anthu okhala pafupi ndi siteshoni ya magetsi a nyukiliya ya Koeberg

A Tcheyamani ndi abale nonse a m'gulu lathu la Amalawi kuno ku Atlantis, pafupi ndi Cape Town,

Kumsonkhano munandituma kuja ndinakafika, ndipo funso lanu ndinalinyamula: sayirini ikadzalira yeniyeni, osati yoyesera ija, tidzatani?

Koeberg inayamba kupanga magetsi a nyukiliya mu 1984, ndipo mu 2024 riyakitala yoyamba (makina otulutsa mphamvu ya nyukiliya) inapatsidwa chilolezo chogwira ntchito mpaka 2044. Ife tili m'kati mwa makilomita 16 omwe amawakonzera dongosolo la ngozi. Nkhaniyi ndi yathu.

Tinakhalitsa pa za ngozi ya pa siteshoni ya nyukiliya ya Chernobyl ku Ukraine. Riyakitala yachinayi inaphulika usiku wa pa 26 Epulo 1986, akuyesa makina. Anthu a ku Pripyat, makilomita atatu okha kuchokera pamalowo, anadzuka n'kutumiza ana kusukulu ngati kuli bwinobwino. Mabasi anabwera patatha maola 36. Anthu pafupifupi 49,000 anauzidwa kuti atenge zofunika masiku atatu basi, koma kwawo sanabwererenso. Mwa ogwira ntchito ndi ozimitsa moto, 134 anadwala kwambiri ndi radiyeshoni (mphamvu yosaoneka yowononga thupi), 28 n'kumwalira m'miyezi yochepa. Chinandiwawa kwambiri ine ndi mkaka. Ng'ombe zinadya msipu wogwa fumbi la ayodini woopsa wa radiyeshoni, ana n'kumamwa mkakawo popanda wowaletsa. Pofika 2005, oposa 6,000 amene anali ana nthawiyo anali atapezeka ndi khansa ya chithokomiro. Kukanakhala kuuzidwa msanga, ambiri akanapulumuka.

Pa siteshoni ya nyukiliya ya Fukushima ku Japan, pa 11 Malichi 2011, madzi a tsunami (mafunde aakulu a m'nyanja obwera ndi chivomezi) anamiza majenereta, makina oziziritsa riyakitala n'kuima. Anthu oposa 150,000 anasamuka. Imfa zoposa 2,000 m'chigawocho zinabwera chifukwa cha mavuto a kusamuka ndi kukhala m'malo ongosungidwa, makamaka kwa okalamba ndi odwala. Ndiye kuthawa mwachisawawa nakonso kumapha.

Yankho la funso lanu ndi ili. Sayirini ikalira, lowani m'nyumba, tsekani zitseko ndi mawindo, tsegulani wailesi. Musakwere taxi kuthawa musanauzidwe njira. Mapiritsi a ayodini amateteza chithokomiro chokha, osati thupi lonse, ndipo amamwedwa akalengeza akuluakulu.

Nkhawa yanga ndi ya chinenero. Ena mwa ife Chingelezi chothamanga cha pa chinkuzamawu sachimva, Chiafrikaans ndiye n'komwe. Enanso amaopa kufika pamalo olembetsa mayina chifukwa cha mapepala. Komanso ambiri tikukhala m'timashaki ta malata, momwe mphepo imalowa ngakhale utatseka.

Ndikupempha kuti pamsonkhano wathu wa mwezi uno tisankhe anthu awiri omasulira malangizowa m'Chichewa kuti tiwaike pa WhatsApp, ndiponso tilembe nyumba zomwe muli odwala, amayi oyembekezera ndi ana otsala okha masana. Ndalama yotsala pa thiransipoti ndapereka kwa a msungichuma.

Ine nthumwi yanu.