Tikutopetsana tokha ndi tinthu tating'onoting'ono

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa tsamba lanu lino, nkhani yanga si ya ndale ayi, za ndale mumalemba kale zambiri sabata ndi sabata. Ine ndine telala, mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu koma kwathu ndi ku Ntcheu, ndinabwera kuno kutsatira banja ndipo pano zakwana zaka 12. Makina anga ndimaika pakhonde la shopu ina kufupi ndi msika wa Zigwagwa. Chomwe chandilembetsa kalatayi ndi choti ndaona kuti madzulo ndikamafika kunyumba mutu ukuwawa, nthawi zambiri chanditopetsa si kupalasa makina tsiku lonse, si kukwera mitengo kwa zinthu kokha, koma tinthu tating'onoting'ono tomwe timachitirana tokhatokha anthu wambafe, toti titafuna tikhoza kusiya mawa lomwe osadikira bajeti ya ku Nyumba ya Malamulo.

Ndiyambe ndi chenji. Upita pa golosale kukagula sopo ndi mchere, upereka ndalama, chenji chako ndi K100 kapena K150, nde mnyamata uja osafunsa n'komwe wangoponya masuwiti awiri mujumbo amvekere chenji palibe mayi. Ine ndanena kuti ndikufuna suwiti? Bola machesi ndikayatsira mbaula, koma ngakhale machesiwo munthu uzifunsa kaye. Tsiku lina ndinasunga masuwiti aja mpaka anakwana asanu ndi limodzi, ndinabwerera nawo pagolosale pomwepo kuti ndionjezere pa ndalama ya mchere, anandikanira kuti iwo salandira suwiti. Nde ngati kwa iwo si ndalama, kwa ine ikhala ndalama bwanji? Ndikudziwa kuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anthu ma K20 ndi ma K50 sawawerengeranso, ndipo K5,000 ija inatuluka mu 2022 tinkaiona ngati ndalama yaikulu lero imatha usanatuluke mumsika. Koma n'chifukwa chake K100 yangayo ndikuifuna, ikasonkhana masiku angapo ndi ulusi umenewo, ndi zipi imeneyo. Mu minibasi namo chimodzimodzi, kondakitala akuti ndikupatsani potsika, pofika potsikapo wayang'ana kumbali akuitanira anthu ena, iwe uchite kukuwa ngati ukupempha chonsecho ndalama ndi yako. Azimayi achikulire ambiri amangotsika osanena kanthu chifukwa cha manyazi, ndipo anyamatawa amadziwa zimenezo.

China ndi matope. Amene sanakhaleko ku Mzuzu sangamvetse kuti kuno mvula imachedwa kusiya, anzathu kumwera akukolola ife ambulera tikadali nayo m'manja, ndipo mu Juni ndi Julayi kumabweranso kamvula kamvumbi kosamveka padenga koma kokunyowetsa mpaka mkati mwa juzi. Misewu ya m'makomo mwathu muno, ku Chibavi, ku Mchengautuwa, ku Zolozolo, ku Masasa, ikanyowa imakhala zithaphwi zokhazokha zofiira. Ife oyenda pansi timachita kusankha poponda. Nde pali madalaivala ena akaona chithaphwi m'pamene amaonjezera moto. Chaka chatha ndinasoka mabulauzi oyera asanu ndi atatu a amayi a kutchalitchi, kwathu timati amvano kuno amati Umanyano, ndinawasita usiku ndi simbi yamakala mosamala kuti phulusa lisagwere, m'mawa ndinawapinda bwinobwino ndikuika mu beseni pamutu nditaphimba ndi chitenje. Ndili m'mbali mwa msewu kudikira kuti ndidutse, galimoto ina yaing'ono inadutsa mothamanga, madzi onse aja thii pa ine kuyambira kumaso mpaka kumapazi, pofuna kuzinda beseni linapendekeka mabulauzi atatu anagwera pansi. Dothi la kuno likalowa mu nsalu yoyera silichoka msanga, ndinachapa kawiri konse ndipo dzuwa kunalibe loti aume, amayi aja anali ndi msonkhano tsiku lotsatira. Ndinawaumitsa ndi simbi usiku wonse misozi ili m'maso. Dalaivala uja sanaime, mwina sanandione n'komwe, koma kuchepetsa liwiro pa chithaphwi kukanamutengera masekondi angati? Abambo ndi amayi oyendetsa galimoto, amene ali m'mbali mwa msewuyo nayenso wasamba, nayenso akupita kuntchito.

Tsono za kuntchito kwanga. Munthu abwera Lachinayi madzulo ndi chitenje chake wagula ku msika wa Taifa, akuti ukwati ndi Loweruka, anti ndithandizeni ndinu nokha mungathe. Iwe umva chisoni, usiya zina zonse, ugula layiningi ndi zipi ndi ndalama yako chifukwa akuti ndalama ndikutumizirani pafoni madzulo ano. Madzulo aja afika, zii. Lachisanu usiku diresi latha, abwera kudzatenga ndi theka la ndalama, yotsalayo akuti kumapeto a mwezi. Kenako Lolemba uona zithunzi zake pa Facebook ali mbee mu diresi lomwelo anthu akumuyamikira, koma iwe ukaimba foni sakuyankha, ukakumana naye pamsika wakhota njira. Chimandipweteka kwambiri si ndalamayo, ndi kuthawidwako, munthu amene ndinamuyeza m'chiuno ndi tepi yanga tikuseka limodzi lero akundiona ngati mdani chifukwa ndinamukhulupirira. Atangobwera n'kunena kuti anti zandivuta mwezi uno, ine ndingamve, tonse tikudziwa mmene zinthu zilili. Ndiye pali ena amasiya nsalu osabweranso, zovala zatha kalekale zangopachikika zikutola fumbi, malo ndilibe, kugulitsa sindingagulitse chifukwa si zanga.

Ndinene chilungamo, nafenso matelala tili ndi mlandu. Mawu oti bwerani mawa tawagwiritsa ntchito molakwika mpaka anthu anasiya kutikhulupirira. Munthu wakwera kabaza kuchokera ku Luwinga kapena ku Katawa, walipira thiransipoti yopita ndi yobwerera, ufike umuuze kuti kwangotsala mabatani chonsecho nsalu sunadule n'komwe. Zimenezi n'zoipa ndipo ine ndinazichitapo zaka zoyambirira poopa kuti ndikakana ntchito kasitomala apita kwa wina. Pano ndimanena poyera kuti sabata ino sinditha, ena amakhumudwa n'kupita koma ambiri amabweranso.

Za mafoni ndingodutsamo. Kuflasha munthu kasanu pa nkhani yoti ndiwe ukufuna thandizo, kulowetsa munthu mu gulu la WhatsApp la zopereka za ukwati osamufunsa chonsecho mwatha zaka zitatu osapatsana moni, kulowa pamzere pakati kwa ejenti kapena kuchigayo ati ndangofuna kufunsa chabe. Tisiye abale.

Za magetsi ndi madzi sindilankhula zambiri, mwalemba kale ndipo zimenezo si ife tingakonze. Koma pomwepo m'pamene pali kachisangalalo kena komwe ndimakakonda, magetsi akayaka patatha maola ambiri ana a m'mudzi monse amakuwa pamodzi ayakaaa, mawu amachoka nyumba ina kupita ina ngati wina wagoletsa chigoli pa Mzuzu Stadium, ndipo ngakhale ine wamkulu ndimapezeka ndamwetulira ndikuthamangira kukatchaja foni. Mpopi ukayamba kukhosomola usiku utauma masiku awiri, aneba amagogoda pazenera, anaa madzi abwera, tonse panja ndi zidebe titafunda zitenje, kuzizira kuli kowawa koma kucheza kwa pampopi nthawi imeneyo kumakoma kuposa kwa masana.

Sindikufuna muganize kuti moyo wa kuno ndi madandaulo okhaokha. M'mawa wa mu Juni nkhungu itaphimba mapiri a Kaning'ina osaoneka n'komwe, ana atapita kusukulu, ndimakhala mphindi zochepa ndekha pafupi ndi mbaula, kapu ya tiyi ndaigwira ndi manja awiri, chinangwa chophika chikutuluka nthunzi mu mbale, chija chofumbutuka chosalimba pakati. Mphindi zimenezo palibe wondiitana, palibe wofunsa kuti mami sokosi yanga ili kuti. Sindingazisinthanitse ndi chilichonse.

Pali bambo wina wa njinga yakapalasa, kuno timati sakaramento, amene wakhala akundinyamula zaka zambiri ndikakhala ndi katundu. Masiku ano njinga zamoto zachuluka ndipo ntchito yawo yachepa, koma ine sindimusiya. Pampando anaika kakhushoni kofewa ndipo kukagwa mvula amapukuta kaye ndi kansalu kamene amasunga m'thumba ndisanakhale. Akafika pa chitunda satukwana, amangoti mama tsikani pang'ono tiyende, nde timayenda tikucheza za ana ake. Ndi iyeyu anandiphunzitsa Chitumbuka choyambirira, mwawuka uli, tawuka makora, yewo chomene. Tsiku limene ndilibe ndalama amati mudzandipatsa, ndipo ine ndimaonetsetsa kuti mawa lake ndamupatsa chifukwa ndikudziwa ululu wa kuthawidwa.

Chakudya nacho. Nyanja ili pafupi, ku Nkhata Bay ndi makilomita osakwana 50, nde usipa umafika pamsika ukadali wabwino. Nditangofika kumene kondowole ndinkamuopa, ndinazolowera nsima ya ufa woyera ndi mgaiwa wa kwathu, koma aneba anga ochokera kunyanjako anandiphunzitsa kuphika kwake, madzi awire kwambiri, ufa uthire mwakamodzi, mpoto uupanikize ndi mapazi, mthiko uugwire ndi manja awiri chifukwa amakoka ngati ulimbo. Lero Loweruka likafika popanda kondowole ndi usipa wothira tomato ndi anyezi ana amafunsa. Mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga ukamapsa fungo lake limafika mpaka kwa aneba, ndipo timaphika pa tsiku lapadera basi chifukwa mtengo wake si wamasewera, mwina n'chifukwa chake umakoma chonchi.

Mwezi wathawu bambo wina wachikulire anabweretsa buluku kuti ndimupindire miyendo. Posita ndinamva kanthu m'kathumba kakang'ono kaja, ndinapeza K2,000 yopindidwa kanayi. Atabwera ndinamupatsa buluku lake ndi ndalama yake. Anaiyang'ana nthawi yaitali, anati anaifunafuna nyumba yonse mpaka anakalipira mdzukulu wake pomuganizira, ndipo anati akupita kukamupepesa mwanayo. Mawa lake anadutsa ndi phava la nthochi zakupsa, anangoika pa makina n'kunena kuti za ana, osakhalanso pansi. Tinadya madzulo amenewo tonse pakhomo.

Ndiye Lamulungu kutchalitchi ukaona mayi wadutsa kupita kukapereka chopereka atavala diresi lomwe unasoka wekha, phewa lakhala bwino, mpendero uli wowongoka, iye sakudziwa kuti ukumuyang'ana, mtima umachita kuti myaa.

A Mkonzi, pempho langa kwa inu ndi loti muzisiya kamalo pa tsamba lino ka makalata a nkhani ngati zimenezi, anthu a m'magolosale, makondakitala ndi madalaivala nawonso amawerenga nyuzipepala kapena amamva kwa anzawo. Ndipo kwa amayi atatu amene munasiya madiresi anu kwa ine mu Disembala, limodzi lobiriwira la manja aatali, awiri a chitenje chofanana, onse anatha ndipo ndinawakulunga mu pulasitiki kuti chinyezi cha kuno chisawaononge. Ngati vuto ndi ndalama bwerani tidzakambirane, mudzalipira pang'onopang'ono, sindikukalipirani.

Ine wanu,
Mayi telala,
Chibavi, Mzuzu