Kwa eni sitolo ya timagalimoto ku Johannesburg: Alfa Romeo imene munanditumizira si Duetto ya 1966

Ndikulembera inu eni sitolo yogulitsa timagalimoto tachitsanzo ku Johannesburg, amene mumatsatsa malonda anu pa Facebook ndi kutumiza katundu kuno kumudzi pa basi. Ndasankha kulankhula poyera chifukwa pa mauthenga asanu ndi awiri amene ndakutumizirani pa WhatsApp mwayankhapo awiri okha, ngakhale onse akuonetsa kuti anawerengedwa, ndipo foni imene ndinaimba Lachisanu lapitali inadulidwa nditangotchula dzina la katundu amene ndikudandaula. Papita masabata asanu ndi limodzi chilandirireni bokosi lanu, ndipo ndikuona kuti ndadikira mokwanira.

Kumayambiriro kwa Malichi munaika zithunzi zinayi za kagalimoto kofiira ka mlingo wa 1:18 (kutanthauza kuti galimoto yeniyeni ndi yaitali maulendo 18 kuposa kachitsanzoko), ndipo pansi pake munalemba kuti ndi Alfa Romeo Spider 1600 Duetto ya 1966, kachitsulo, kotseguka zitseko, boneti ndi buti, katsopano ndiponso kali m'bokosi lake. Ndisanalipire ndinakufunsani funso limodzi lokha, loti kodi kumbuyo kwake n'kozungulira monga momwe kakuonekera pa chithunzi chachitatu, ndipo munandiyankha kuti, "Eya bwana, ndi komweko kali pachithunzipo." Pokhulupirira mawu amenewa, mlamu wanga amene amakhala kumeneko anakulipirani R2,450 ya kagalimotoko ndi R350 yotumizira, ndipo ine kuno ndinawonjezera ndalama ya msonkho wa pachipata cha Mwanza pamene ndinkalandira katunduyo ku Wenela. Malisiti onse ndili nawo, pamodzi ndi zithunzi za zimene tinalemberana.

Katoni yanu ndinaitsegulira kunyumba, pa tebulo, mwana wanga akujambula ndi foni kuyambira podula tepi, chifukwa ndi mmene ndimachitira ndi katundu aliyense wochokera kutali. Katoniyo inali yabwinobwino, yosaphwanyika pena paliponse, choncho a basi ndilibe nawo mlandu ndipo musayese kuwakankhira nkhaniyi. Bokosi la mkati linalembedwadi kuti Duetto 1966. Koma nditavundukula ndinapeza kagalimoto kodulidwa kumbuyo, kutanthauza Spider ya gulu lachiwiri imene inayamba kugulitsidwa mu 1970. Sikanamangidwe ndi masikuluwu ake pa thabwa la pulasitiki monga momwe timagalimoto tatsopano timabwerera, chifukwa mabowo a kunsi kwake sakugwirizana ndi a pathabwapo. Wina anangokakulunga ndi mphira ziwiri n'kutsekera mipata ndi nyuzipepala. Felemu ya galasi lakutsogolo inathyokapo kale kumanzere ndipo inamatidwa ndi guluu amene anayenderera mpaka kusiya chipsera choyera pagalasipo. Kagalasi koonera kumbuyo ndinakapeza katagwera pansi pa mpando, ndipo m'mizere ya mipandoyo muli fumbi lokhazikika, la chinthu chimene chakhala zaka pa shelefu ya munthu. Kamene munakatcha katsopano ndi kakale, kokonzedwa mwachisawawa, koikidwa m'bokosi la galimoto ina.

Yankho lanu loyamba linali lakuti ndi Alfa yomweyo, yofiira yomweyo, ndipo kusiyana kwake n'kochepa kwambiri moti munthu sangakangane nako. Mawu amenewa ndi amene andipweteka kuposa guluu uja, chifukwa akuchokera kwa munthu amene amadya za malonda amenewa, ndipo ndikufuna kuwayankha mofatsa kuti inu ndi ena owerenga muone pamene pagona nkhani.

Alfa Romeo inaonetsa Spider imeneyi koyamba pa chionetsero cha magalimoto cha ku Geneva mu Malichi 1966. Thupi lake linakonzedwa ndi kampani ya Pininfarina ya ku Turin, ndipo imadziwika kuti ndi galimoto yomaliza imene Battista Farina, amene anayambitsa kampaniyo, anaikapo dzanja lake, pakuti anamwalira mu Epulo chaka chomwecho, patangopita masabata ochepa chionetserocho chitachitika. Dzina loti Duetto linapezeka pa mpikisano umene Alfa Romeo inachititsa kuti anthu apereke maina, ndipo ngakhale silinathe kugwiritsidwa ntchito mwalamulo chifukwa linali kale dzina la malonda a kampani ina, anthu anapitiriza kuitchula choncho mpaka lero. Chimene chinaisiyanitsa ndi magalimoto ena a denga lopinda a nthawi imeneyo ndi kaumbidwe kake: kutsogolo n'kotsetsereka, kumbuyonso n'kotsetsereka ndi kozungulira, moti ukaiona chammbali mbali ziwirizi zimakhala ngati zikuyankhana. Anthu a ku Italy anaipatsa dzina loti osso di seppia, poifanizira ndi fupa lathyathyathya, losongoka uku ndi uku, la kanyama kena ka m'nyanja yamchere. Inali ndi injini ya 1570 cc, makabuleta awiri a Weber, magiya asanu ndi mabuleki a disiki ku mawilo onse anayi. Za injini ya 1600 za kumbuyo kozungulira zinapangidwa zongopitirira pang'ono 6,000, kenaka kunabwera 1750 Spider Veloce imene inasunga thupi lomwelo kwa kanthawi.

Mu 1970 kumbuyo kuja kunadulidwa n'kukhala koongoka, ndipo ku Italy gulu limeneli amalitcha coda tronca, mchira wodula. Sikumbuyo kokha kumene kunasintha. Galasi lakutsogolo linapendekeka kwambiri, zogwirira zitseko zinalowa m'kati mwa chitseko m'malo motulukira kunja, ndipo dashibodi yachitsulo yopakidwa utoto wofanana ndi thupi inachotsedwa n'kuikapo yakuda, yokhala ndi mawotchi awiri aakulu otundumuka, lililonse m'chigoba chake. Zonsezi zikuoneka pa kagalimoto kamene munanditumizira, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chimene chikuoneka pa zithunzi zimene munatsatsa. Ngakhale lula ya mwana wa sukulu ikhoza kuweruza nkhaniyi. Duetto yeniyeni ndi yotalika mamita 4.25, ndiye pa mlingo wa 1:18 kachitsanzo kake kayenera kupitirira masentimita 23 ndi theka, pamene ya mchira wodula ndi yaifupi ndi masentimita pafupifupi 13 ndipo kachitsanzo kake sikafika masentimita 23. Ndinayeza kanuko kuchokera ku bampala yakutsogolo kufika yakumbuyo, ndipo sikanafike 23.

Sindikunyoza Spider ya 1970. Ndi galimoto yabwino, ndipo mtundu umenewu unapitirira kupangidwa mpaka 1993, zimene zikusonyeza kuti anthu anaukonda. Koma munthu wosonkhanitsa timagalimoto sagula mtundu wa utoto kapena chizindikiro cha pa boneti; amagula chaka chinachake ndi thupi linalake, ndipo mtengo umatsatira zimenezo. Inunso mukudziwa, chifukwa pa tsamba lanu lomweli timagalimoto takale, togwiritsidwapo ntchito, mumatigulitsa motsika kwambiri kuposa ndalama imene munalandira kwa mlamu wanga.

Mwina ndifotokozenso chifukwa chake ndinafunsa funso lija ndisanalipire. Malume anga, amene anatisiya zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, anali makaniko. Anagwirapo ntchito m'galaja ina ku Joni m'masiku amene Alfa Romeo inkalumikiza magalimoto ake ku Brits, tauni ya ku South Africa komweko, ndipo atabwerera kumudzi anatsegula kagalaja kawo ku Ndirande. Pa khoma la kagalajako, pamwamba pa bokosi la masipanala, panali chithunzi chodula pa kalendala, chothimbirira ndi utsi ndi oilo, cha Duetto yofiira yojambulidwa chakumbuyo. Ndili mnyamata ndinkakhala pa tayala lakale kuwapatsira zida, ndipo iwo ankaloza chithunzicho ndi sipanala n'kundionetsa mmene mzere wa m'mbali umatsikira mpaka kukathera pa nyali zakumbuyo popanda kona iliyonse. Galimoto imeneyo sanakhale nayo, inenso sindidzakhala nayo. Chimene ndakwanitsa pa zaka khumi ndi ziwiri ndi shelefu imodzi ya galasi m'chipinda chochezera, pamene ndandandalika timagalimoto ta ku Italy ta denga lopinda motsatira zaka: Lancia Aurelia B24 Spider ya 1955 ya galasi lokhota m'mbali, Giulietta Spider, Ferrari 250 GT California, ndi Fiat 124 Sport Spider, imenenso inatuluka mu 1966 kuchokera ku Pininfarina komweko. Pambali pa Fiat imeneyo ndinasiya malo, ndipo ndinasunga ndalama miyezi isanu kuti ndiwatseke ndi galimoto ya pa khoma la malume. Pa nthawi ino imene ndalama zakunja zikusowa ndipo randi ikugulidwa modula, R2,800 si ndalama imene munthu wolandira malipiro a pamwezi angaiwale.

Fiat imene ndatchulayi ndinagula kwa inu zaka ziwiri zapitazo, ndipo ndiyenera kunena chilungamo kuti inafika bwino, yomangidwa ndi masikuluwu ake onse, yokutidwa ndi siponji, yofanana ndendende ndi chithunzi. Ndi chifukwa chake ndinabweranso kwa inu osakayika, ndiponso ndinatumiza anzanga awiri kuti adzagule kwanu. Zimenezi zikundipangitsa kuganiza kuti mwina kusinthanitsaku sikunachitike ndi dzanja lanu, kuti mwina munagula katundu wambiri kwa munthu wina osatsegula bokosi lililonse, kapena wantchito wanu anasokoneza polongedza. Zikanakhala choncho, mawu awiri opepesa ndi njira yobwezera zikanatha nkhaniyi tsiku lomwelo. M'malo mwake yankho lanu lachiwiri linali lakuti katundu akakwera basi ndalama sizibwezedwa, ndiponso kuti munthu wamkulu asamavutike mtima ndi kachidole. Ngati n'kachidole, sikanayenera kugulitsidwa pa mtengo umenewo ndi dzina limenelo. Munakatsatsa ngati chinthu cha osonkhanitsa, munalandira ndalama ya osonkhanitsa, ndipo muyenera kuyankha monga wogulitsa kwa osonkhanitsa.

Lamulo loti ndalama sizibwezedwa ndi lanu, koma malonda anachitikira ku South Africa, kumene kuli lamulo loteteza ogula lotchedwa Consumer Protection Act ya 2008. Gawo 18 la lamulo limeneli limanena kuti katundu amene munthu wagula potengera kufotokoza kwa wogulitsa ayenera kugwirizana ndi kufotokozako pa zonse zofunika, ndipo gawo 56 limapatsa wogula miyezi isanu ndi umodzi yobwezera katundu wolakwika, wogulitsa n'kusenza mtengo wobwezerawo, ndipo wogula ndiye amasankha pakati pa kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Sindikutchula zimenezi pofuna kukuopsezani. Ndikuzitchula chifukwa ambiri mwa ife amene timagula kwa abale athu a ku Joni timaganiza kuti katundu akawoloka malire ufulu wathu watsala tsidya lija, ndipo ena ogulitsa amadalira maganizo amenewo.

Chimene chandikakamiza kwambiri kulemba poyera n'chakuti zithunzi zinayi zija zikadali pa tsamba lanu mpaka m'mawa uno, ndipo sabata yatha munayankha munthu wina amene anafunsa mtengo kuti kagalimotoko kalipo. Ngati Duetto ya pa chithunzicho ilipodi m'sitolo mwanu, ndiye kuti ndi yanga, chifukwa inalipiridwa kale mu Malichi. Ngati kulibe, ndiye kuti mukuitanira munthu wina ku vuto limene ine ndili nalo, ndipo ndikukupemphani kuti muchotse zithunzizo lero.

Pempho langa ndi ili. Ngati Duetto ija muli nayo, ijambuleni chakumbuyo ndi chapamwamba, pambali pake pali pepala lolembedwa tsiku la kujambulako, ndipo mukatero mlamu wanga adzabwera kusitolo kwanu kudzaiona ndi maso ake ndi kuitenga, kuti isayendenso m'manja mwa wina aliyense. Ngati mulibe, bwezani R2,800 yonse ku akaunti imene inachokera. Ndalama ya msonkho imene ndinalipira kuno ndailola kuti ipite, ngakhale inatayika chifukwa cha kulakwitsa kwanu. Kagalimoto kanu ndakabwezera m'bokosi monga momwe kanabwerera, ndi mphira zake ziwiri ndi kagalasi kothothoka kaja m'kathumba kapulasitiki, ndipo mnzanga wa kuntchito amene akupita ku Johannesburg kumapeto kwa mwezi uno wavomera kukanyamula m'chikwama chake kuti kakufikeni popanda inu kulipira kanthu.

Ndikupatsani masiku 14 kuyambira lero. Akadutsa popanda yankho lomveka, mlamu wanga, amene dzina lake lili pa lisiti, adzakapereka dandaulo ku National Consumer Commission, bungwe loona madandaulo a ogula ku South Africa, pamodzi ndi kanema wotsegula katoni, zithunzi zimene munatsatsa ndi mauthenga anu awiri aja. Nambala yanga muli nayo, ndipo mukhoza kuyankha pano kapena kundiimbira madzulo aliwonse ndikaweruka kuntchito.