Kankhalango kanga ka m'beseni

Kasungu
Seputembala

Achimwene,

Zithunzi zija za kankhalango kanu ka timitengo ta m'mbale munatumiza chaka chatha pa WhatsApp zandigwetsa m'mavuto, ndiye lero mumve nokha zomwe munayambitsa. Kuno tili bwino, kungoti fumbi lanyanya. Mayi anu ndinawaona Lamulungu ku tchalitchi, mwendo uja ukuwavutabe koma akuyenda okha.

Mukumbukira kuti poyamba ndinkayesa mwajambula nkhalango yeniyeni muli chapatali. Nditaona chala chanu pambali m'pamene ndinazindikira kuti mitengo 7 yonseyo yaima m'mbale yosaposa lichero. Mlamu wanu atasuzumira anangoti, "Munthu kukwera ndege mpaka ku Louisiana, ku America, kukachita masanje?" Ndinaseka naye, koma usiku umenewo tulo tinasowa.

Mtengo wanu wa bald cypress ndinaufufuza ndithu. Dzina lakelo akuti ndi la dazi, chifukwa ngakhale uli m'gulu la mitengo ngati paini, iwo umathothola masamba onse kukazizira. Ndinati eya, wapeza mbuye wake, poti nanu tsitsi linakuthawani tisanamalize n'komwe sekondale. Ndinawerenganso kuti ndi mtengo wa chizindikiro cha Louisiana kuyambira 1963, ndi kuti mu 2019 akatswiri analengeza za umodzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Black River ku North Carolina, ku America komweko, womwe unapitirira zaka 2,600 uli moyo. Koma chinandigwira mtima ndi timizu tija timatumphuka m'madzi mozungulira tsinde, tomwe munati kumeneko amatitcha mawondo.

Inu zanu zinali zofewa. Munalowa m'dambo la mnzanu mu Febuluwale mitengo isanaphukire, munadula muzu waukulu wolowa pansi, n'kuiika m'bafa la madzi, iyo osadandaula. Ine ndinatengera zomwezo osaganiza. Febuluwale wathu ndi wa dzinja, mitengo ili pakalikiliki kukula. Ndinapita kumunda n'kukumba timisangu 5, poganiza kuti poti msangu umayoyola masamba nthawi ya mvula ndiye kuti uli mtulo ngati wanuwo. Achimwene, msangu wofika m'bondo muzu wake unandilekeza m'chiuno, ndipo khasu linalephera kupeza pomwe wathera. Ndinadula. Pasanathe milungu itatu tonse tinasanduka nkhuni zoyatsira mbaula.

Amene anandiwongola ndi amalume. Anandipeza ndikuyang'ana timitengo touma tija n'kundifunsa kuti mnzakoyo mtengo wake umamera pati. Nditati m'madzi, anati, "Nanga iwe wasakiranji kumtunda? Pita kudimba kwanga, katope wangoti mbwee m'mphepete mwa khwawa, ndimachita kulimira." Zoonadi, pansi pa katope wamkulu uja tinkathyolapo zipatso zakuda zija tili ana, pali mbande zosawerengeka. M'dothi lonyowa mizu yake imayenda m'mwamba, moti ndinkangozinyamula ndi dothi lake lomwe. Ndinatenga 12, zina zonenepa ngati chala chachikulu, zina ngati phesi la udzu. Ku paki kapena kunkhalango ya boma sindinayerekeze, mukudziwa nokha kuti kumeneko ukagwidwa ndi khasu nkhani yake imathera kukhoti.

Apa ndinamvera langizo lanu. Sindinazithamangitsire m'mbale imodzi. Iliyonse inakhala m'chubu chake pamthunzi wa mango mpaka inagwira, ndipo 3 zinafa. Mwezi watha, mphepo yozizira itayamba kutha, ndinatenga beseni lakale lachitsulo lomwe mlamu wanu ankasukiramo mbale, ndinalidula kuti likhale losaya, n'kuliboola pansi ndi msomali. Dothi ndinasakaniza mchenga wokhakhala wa kumtsinje, njerwa zowotcha zomwe ndinaphwanya n'kusefa, timakala, ndi manyowa owolerana pang'ono.

Ntchito yeniyeni inali yoimika mitengoyo. Ndinayamba m'mawa, ndinamaliza nkhuku zikulowa. Dzanja la mlimi ndi louma mutu. Ndikaika itatu, ndikabwerera m'mbuyo kuti ndione, ndimapeza yafola ngati fodya pamzere. Ndichotse, ndiyambirenso, yafolanso. Zomwe munandilembera ndinali nazo papepala: waukulu usakhale pakatikati, itatu isaime pamzere umodzi, mipata isafanane, ing'onoing'ono ipite kumbuyo ndi m'mbali kuti diso liziona ngati nkhalango ikupitirira. Kuwerenga ndinkawerenga, koma manja ankakana.

Masana ndinasiya, n'kukwera njinga kupita kusitolo. Pobwerera ndinaima pamsewu moyang'anana ndi manda a kwathu. Inu mwakhalitsa kunja, mwina simukudziwa kuti kuno zigafa za fodya ndi makala zinamaliza mitengo, moti ukaona msitu wobiriwira pakati pa minda usafunse, amenewo ndi manda. Nkhwangwa siifikako. Ndinayang'ana nthawi yaitali. Mtengo waukulu uja suli pakati, wapendekera chakum'mawa. Pafupi nawo pali iwiri yothithikana ngati ikunong'onezana. Kenako pali mpata, pomwe anthu amalowera ndi maliro. Ya m'mphepete ndi yaifupi ndipo yonse yaweramira kunja kufuna dzuwa, nthambi zake zili mbali imodzi yokha. Palibe anaiyeza ndi chingwe. Ndakhala ndikudutsa pamenepo zaka zonsezi, bambo anga agona momwemo, koma ndinali ndisanauonepo msituwo choncho.

Nditafika kunyumba sindinayang'anenso pepala lanu. Wamkulu ndinamuika chakumanja, awiri ndinawagundanitsa mpaka mizu kulukana, kumanzere ndinasiya kanjira. Iliyonse ndinaimanga ndi waya wa kopa wochokera m'chingwe chakale cha magetsi, kudutsitsa m'mabowo a pansi kuti mphepo isaigwedeze. Dothi ndinkalilowetsa pakati pa mizu ndi kamtengo kosongola, pang'onopang'ono. Pamwamba ndinayala ndere zomwe ndinapala pachitsime. Mitengo 9.

Munandiuza za John Naka, katswiri uja wa ku America wa luso lolera timitengo m'mbale, yemwe kankhalango kake kotchedwa Goshin kali ndi mitengo 11, umodzi pa mdzukulu aliyense, ndipo kamasungidwa ku Washington. Ine adzukulu ndilibe, choncho ana a pamudzi pano agawana okha. Aliyense ali ndi wake, ndipo amakangana kuti wa ndani waphukira. Agogo ena oyandikana nafe sakhulupirira kuti n'zokongoletsa chabe. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ngati ndi mankhwala a bizinesi ndiwagawireko.

Tsopano vuto ndi ili. Lachiwiri ndinaiwala kutseka kampanda, mbuzi ya eni ake inalowa n'kudya kamtengo ka kumapeto kwenikweni, kaja kanaweramira kunja bwino kuposa tonse. Inasiya kachitsa kotalika ngati ndudu. Yatsala 8, ndipo inu munanenetsa kuti nambala isamagawike pawiri. Ndizule umodzi itsale 7, kapena ndidikire kachitsako mwina kaphukira? Mbande zina zilipo kudimba, koma ndikuopa kusokoneza mizu yomwe yangoyamba kugwirana. Mundiyankhe msanga kutentha kwa Okutobala kusanafike, poti panopa ndikuthirira kawiri patsiku ndipo mlamu wanu wayamba kuwerenga zidebe.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mu Novembala mitengo yanuyo ikafiira isanathothoke, mundijambulire.

Ndine mnzanu uja wa kuno kumudzi.