Kwa mwana wanga wa ku Lanarkshire

Mwanangu,

Zithunzi zija zafika, ndipo mayi ako akuonetsa aliyense wopondako pakhonde pano. Koma mawu ako a pa foni Lamulungu lija sanandichoke mumtima. Nditafunsa tanthauzo la dzina la Lanarkshire, dera la ku Scotland lomwe ukukhalalo, unati za kwa eni sizifufuzidwa, mlendo ndi mame. Mame sakhala zaka 9, mwanangu. Ana ako anabadwira komweko.

Dzinalo ndi mawu awiri olumikizana. Shire ndi Chingelezi chakale, kutanthauza dera loyang'aniridwa ndi nduna ya mfumu, ngati boma kwathu kuno. Alibe ubale ndi mtsinje wathu wa Shire, angofanana kalembedwe. Lanark ndi tauni ya pafupi ndi mtsinje wa Clyde yomwe inali likulu la deralo. Mfumu David I inaikweza kukhala tauni yachifumu cha m'ma 1140, ndipo m'menemo ndi momwe William Wallace, mtsogoleri wa ankhondo a ku Scotland, anaphera nduna ya Angelezi mu 1297, kuukira kwake kukuyamba. Khonsolo ya deralo inathetsedwa mu 1975, ndipo kuyambira 1996 kuli North Lanarkshire ndi South Lanarkshire.

Chandilembetsa kalatayi ndi mawu akuti Lanark. Si Chingelezi ayi. Ndi a chinenero cha Cumbric, cha anthu a ufumu wakale wa Strathclyde, chibale cha chinenero cha ku Wales. Amatanthauza malo olambulika pakati pa nkhalango. Anthu amenewo anali ndi mafumu awo, ankadyetsa ng'ombe, amayi ankatonthoza ana m'chinenerocho. Pofika cha m'ma 1200 chinali chitazilala. Lero palibe ndi mmodzi yemwe wochilankhula. Chinatsalira m'mayina a malo, monga Lanark ndi Glasgow, omwe anthu amawatchula tsiku lililonse osamva chomwe akunena.

Tsiku lija mayi ako anafunsa mdzukulu wawo wamkulu kuti wadzuka bwanji. Mwanayo anacheukira kwa iwe kuti umumasulire. Mayi ako anaseka pa foni, koma atadula anakhala chete mpaka madzulo. Sindikukudzudzula. Ndikudziwa kuti umagwira ntchito usiku, ukafika pakhomo umangofuna pogona. Komabe ine ndikuopa kuti kwa anawo Chichewa chidzangotsala m'mayina awo, monga chinatsalira Cumbric pa zikwangwani za m'misewu. Pa nthawi ya nsima pokha, iwe ndi apongozi anga muzilankhula nawo Chichewa. Akayankha m'Chingelezi usapse mtima, ingobwereza funsolo.

Ukapeza tsiku lopuma, uwatengere ku Blantyre wa komweko, ali m'dera lanu lomwelo. David Livingstone anabadwira kumeneko pa 19 Malichi 1813, banja lonse m'chipinda chimodzi cha nyumba ya antchito yotchedwa Shuttle Row, ndipo anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Nyumbayo ilipobe, anthu amalowa kukaona. Uwauze kuti amishoni a Church of Scotland atafika m'dziko la Mfumu Kapeni mu 1876 anatenga dzinalo n'kulipereka ku malo a mishoni yawo. Uwauzenso kuti ife sitinasiye kunena kuti Kabula.

Lamulungu likubwerali umupatse foni wamkuluyo yekha. Ndidzayamba naye ndi moni ndi mayina a ziweto za m'khola.

Ndine,
Bambo ako