Kwa Tadala, pa nkhani ya nyumba ya ku Centurion

Turffontein, Johannesburg

Wokondedwa mwana wanga Tadala,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi bambo a Mphatso ndi Mphatsoyo. Ife kuno tili bwino, kungoti mayi ako bondo lija likuwavutabe kukazizira.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni umakhala ukuthamanga, ndipo nkhani ya nyumba si yokambirana wina ali pamzere wa tekisi. Wati ntchito ya kuchipatala ku Pretoria yatheka, ndipo inu awiri mwaona kanyumba ka mumpanda ku Centurion, a banki avomera kale ngongole ya zaka 20. Ndakondwa kwambiri, mayi ako mpaka anaimba nthungululu. Koma langizo langa ndi lakuti musasaine chaka chino. Chitani lendi kaye, muyende msewu umenewo chilimwe ndi dzinja lomwe, kenako mudzagule. Malo amenewo iwe umawadziwira pawindo la galimoto. Ine ndinayendetsa lole yoperekera katundu pakati pa Joni ndi Pretoria mpaka imvi kumera, ndipo ndinkalowera kukhomo la kumbuyo, kolowera antchito.

Matauni ozungulira Pretoria sanamere okha ngati bowa. Lililonse anachita kuliika pamene lilipo, atayeza mtunda wake, ndipo amene ankayezawo ankadziwa chimene akufuna.

Pretoria anayamba mu 1855, Joni anabwera pambuyo mu 1886 golide atapezeka. Zigawo zinayi zitaphatikizana mu 1910, maofesi a boma anapita ku Pretoria, nyumba ya malamulo ku Cape Town, khoti lalikulu la apilo ku Bloemfontein. Union Buildings, nyumba zazikulu za boma ku Pretoria, anamaliza kumanga mu 1913. Tsono likulu limafuna anthu ambiri osesa, ophika, olera ana, okumba ngalande ndi olondera, ndipo azungu a nthawi imeneyo ankafuna manja a anthuwo masana koma osafuna kuti usiku azigona pafupi. Kunali malo otchedwa Lady Selborne, kufupi ndithu ndi tauni, kumene kuyambira 1905 munthu wakuda ankatha kugula puloti m'dzina lake. Anthu anamanga nyumba za njerwa, matchalitchi ndi masukulu. Lamulo logawa malo okhala potengera khungu litabwera mu 1950, m'zaka zotsatira anagumula zonsezo, anthu n'kuwamwaza: ena kum'mawa ku Mamelodi, ena kumadzulo ku Atteridgeville, ena kumpoto ku Ga-Rankuwa. Pamalopo pakhala mayadi a azungu otchedwa Suiderberg. Amwenye anawapatsa Laudium, makaladi Eersterust. Munthu amene ankapita kuntchito wapansi anayamba kulipira sitima ndi basi.

Sanalekere pamenepo. Soshanguve anaikhazikitsa mu 1974, kutali kumpoto. Mabopane ndi Ga-Rankuwa anaziponya m'dziko lopeka la Bophuthatswana, limene mu 1977 analitcha lodziimira palokha, moti munthu ankagona "kunja" n'kumadzuka kukasesa ofesi ya boma ku Pretoria. Ovutika kwambiri anali a ku KwaNdebele, dera lina limene anapatulira anthu akuda, okwera mabasi a mumsewu wa Moloto. Ndinagwirapo ntchito ndi mkulu wina wa kumeneko. Ankadzuka tambala asanalire, bulangete paphewa, tulo lake lenileni ankagonera m'basi atatsamira mpando wa kutsogolo, ndipo ana ake ankawaona ali maso Lamlungu lokha. Msewu umenewo mpaka lero umadya anthu pangozi.

Boma la tsankho linatha mu 1994, Mandela analumbira pa Union Buildings pompaja pa 10 May, koma makilomita aja sanafupike ngakhale imodzi. Ukamva kuti lendi ku Soshanguve ndi yotsika, dziwa kuti yotsalayo ukailipira kwa mwini tekisi, ndipo ina ukailipira ndi tulo. Ukamva kuti ku Centurion n'kodula, dziwa kuti ukugula kuyandikira, chinthu chimene ena analandidwa. Pepala la a banki limangolemba mtengo wa nyumba, za msewu sililemba.

Zimenezi si zachilendo kwa iwe, unaziona kwathu. Kamuzu atagwirizana ndi boma la kuno mu 1967, ngongole yoyambira kumanga Lilongwe inachokera ku South Africa, ndipo akatswiri a kuno anathandiza kujambula mzindawo likulu lisanasamuke ku Zomba mu 1975. Taganiza za Area 10 ndi Area 43 pafupi ndi Capital Hill, mitengo ndi mipanda, kenako uganize za amalume ako ku Area 25 mmene ankadzukira kusaka minibasi. Dzanja lake ndi lofanana.

Tsono usaone ngati ndikunyoza malokeshoni. Mamelodi, amene anayamba mu 1953 pafamu ya Vlakfontein, ndi malo a anthu onyadira kwawo. Solomon Mahlangu, womenyera ufulu amene anamunyonga mu 1979, anali wa kumeneko. Mu November 1985 anthu anaguba kukana kukwera kwa lendi, apolisi anawombera, anthu 13 anafa tsiku limenelo. Fakitale ya Ford ku Silverton ili pakhomo pawo, monga momwe mafakitale a galimoto a ku Rosslyn alili kwa a ku Soshanguve ndi Ga-Rankuwa, ndiye si onse amene amathamangira m'tauni. Timu yawo ya Sundowns, imene Ernest Mtawali wathu anaseweramo, ndi imene yakhala ikutisowetsa mtendere ife a Pirates, ngakhale kuti masewero ake ambiri imakachitira ku bwalo la Loftus kapena ku Atteridgeville. Chimodzi chokha usamale nacho: Chizulu chako cha ku Joni sichikufikitsa patali kumeneko. Ku Pretoria anthu amalankhula chosakaniza cha Setswana ndi Sepedi. Odwala ako ambiri adzakhala a chilankhulo chimenecho, ndipo gogo akaona kuti ukuyesetsa kumulonjera m'chinenero chake amamasuka n'kukuuza pamene pakupweteka. Yamba kuphunzira usanafike.

Tibwere ku Centurion kwakoko. Kale kunali mafamu ndi kamzinda ka Lyttelton. Hendrik Verwoerd, mmisiri wamkulu wa tsankho, ataphedwa mu 1966, chaka chotsatira anatcha dera lonselo Verwoerdburg, ndipo dzina limenelo linakhalapo mpaka 1995. Anali malo a asilikali ndi ogwira ntchito m'boma, poti bwalo la ndege zankhondo la Waterkloof ndi malo a asilikali amene lero ndi Thaba Tshwane zili pafupi. Kufupi pomwepo ku Irene kuli nyumba ya Jan Smuts, nduna yaikulu yakale ya dziko lino, komanso manda a akazi ndi ana a Mabunu amene anafera mumsasa wa Angerezi pankhondo ya 1899 mpaka 1902. Masiku ano kwasakanikirana mitundu, masukulu ndi abwino, misewu ndi yotakata, ndipo sindikutsutsa kuti Mphatso angakule bwino kumeneko.

Koma pansi pa Centurion pali mwala wa dolomite, umene madzi amaudya pang'onopang'ono mpaka mkati mutakhala mphako. Paipi ikamadontha zaka zingapo osaikonza, tsiku lina nthaka imangotitimira. Ine ndinaona ndi maso anga cha ku Lyttelton: msewu umene ndinadutsa Lachisanu, Lolemba panali dzenje lomeza lole yonse, mpanda wa nyumba utalendewera m'mphepete, geti lili m'malere. Ndiye mukapitanso kukaona nyumbayo, musatengeke ndi matailosi ndi makabati a kukhitchini. Yang'anani pamwamba pa zitseko ndi mawindo ngati pali ming'alu yoyenda chopingasa. Tsekani chitseko chilichonse, muone ngati chikulowa bwino mufelemu. Pamene papakidwa penti yatsopano pakhoma limodzi lokha, funsani chifukwa. Tsekani mipopi yonse, mukayang'ane mita ya madzi ngati ikuyendabe. Zungulirani kuseri muone kumene madzi a mvula amathera, chifukwa pamalo a dolomite madzi sayenera kudikha pafupi ndi khoma. Ndipo mufunse a inshuwalansi, akuyankheni polemba, ngati amalipira nthaka ikatitimira.

Palinso mtsinje wa Hennops. Mu December 2019 unasefukira, magalimoto anamira, alendo a pahotela ina anachita kuwachotsa ndi helikoputa. Sabata yomweyo ku Mamelodi madzi anakokolola zisakasa mazanamazana cha ku Eerste Fabrieke. Funsani kuti nyumbayo yatalikirana bwanji ndi mtsinje, ndipo mufunse mlonda wa pageti, osati wogulitsa.

Nyumba za mumpanda zilinso ndi msonkho wake wa mwezi ndi mwezi, wa alonda, udzu ndi kukonza, umene sutha ngakhale ngongole itatha, ndipo umakwera chaka ndi chaka. Ena akaleka kulipira, otsalanu ndi amene mumasenza. Denga la buloko lonse likafuna kukonza amakugawirani bilu yapadera osakufunsani ngati muli nazo.

Bambo a Mphatso akugwirabe ntchito ku Woodmead, ndiye ganiziraninso za Midrand. Kumeneko kunali pongopumulira ngolo za akavalo, pakati pa ulendo wa Joni ndi Pretoria, ndipo dzina la Halfway House likadalipo. Tauni ya Midrand inakhazikitsidwa mu 1981. Pamene ndinkayamba kuyendetsa, mbali zonse za msewu wa Ben Schoeman kunali thengo ndi timafamu. Lero kuli nyumba ya malamulo ya Africa yonse ku Gallagher, mzikiti waukulu wa Nizamiye umene unatsegulidwa mu 2012, ndi Mall of Africa ya 2016. Ine Midrand sindiikonda kwenikweni. Ilibe pakati, ndi mipanda yokhayokha yolumikizidwa ndi misewu yopapatiza imene anaipangira mathirakitala, ndipo 7 koloko m'mawa galimoto zimangoima. Koma kwa banja logwira ntchito mizinda iwiri, pakati ndi pakati basi.

Ukakhala kumeneko udzaona kuti kachitidwe kakale kaja kakupitirira popanda lamulo lokakamiza. Mpanda uliwonse uli ndi lokeshoni yake yoipatsa antchito. Midrand ili ndi Tembisa, amene anayamba mu 1957, ndi Ivory Park. Fourways ili ndi Diepsloot, amene anayamba cha mu 1995 ngati pongodikirira koma anthu adakali pomwepo. Centurion ili ndi Olievenhoutbosch. Amalawi anzathu ambiri ali m'malo amenewa, m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za eni, ndipo ndi amene amatchetcha kapinga ndi kusita m'mayadimo. Ukadzalemba munthu wokuthandiza kulera Mphatso, udzamufunse kuti amakwera matekisi angati, ndipo ya mayendedwe udzamupatse payokha, osaiphatikiza m'malipiro. Usadzamusunge mpaka mdima chifukwa choti iwe wachedwa. Mayi ako anagwira ntchito imeneyo, ukudziwa nthawi imene ankafika pakhomo.

Za Gautrain, sitima yothamanga ija, ndamva ukuitama. Ndi yabwinodi, inafika ku Pretoria ndi Hatfield mu 2011, imaima pa Midrand ndi pa Centurion, ndipo siichedwa. Koma tenga cholembera, uwerenge mtengo wa kupita ndi kubwera masiku onse a mwezi, uphatikizepo basi yake kapena poimika galimoto. Kumbukiranso kuti usiku kwambiri siyenda, pamene iwe udzakhala ndi mashifiti. Sitima wamba imene inkanyamula anthu osauka inaonongeka kwambiri mu 2020, mbava zitazula mawaya ndi njanji, ndipo ikubwerera pang'onopang'ono. Ma e-toll, msonkho wolipira podutsa pamsewu waukulu wa N1, anawathetsa mu April 2024, koma petulo sanamuthetse.

Chotsala ndi chimene sitikonda kuchitchula. Iwe unakulira kuno, mapepala ako ndi abwino, koma dzina lako ndi la kwathu. Mu May 2008 zipolowe zothamangitsa obwera zinayambira ku Alexandra n'kufalikira, anthu 62 anaphedwa, ndipo unali wamkulu ndithu moti ukukumbukira mabasi amene ananyamula anzathu kubwerera ku Malawi. Mu 2019 zinabukanso, ku Pretoria ndi ku Joni komwe. Amene anatibisa ife nthawi ija anali mayi wa Chixhosa woyandikana naye nyumba, amene tinkabwerekana mchere ndi kulirana maliro. Mumpanda muli waya wa magetsi ndi mlonda, koma ukhoza kukhala zaka zisanu osadziwa dzina la wa khomo lotsatira, ndipo Mphatso akatentha thupi pakati pa usiku bambo ake ali kutali, waya sudzakuperekeza kuchipatala. Kulikonse kumene musankhe, mudziwane ndi anthu mwadala. Pezani mpingo wapafupi, ndipo musatuluke m'bungwe lathu la maliro chifukwa choti mwasamukira kumayadi. Mtengo wotumiza thupi kumudzi ukuudziwa. Ubwino umodzi wa Pretoria ndi woti ofesi ya kazembe wathu ili komweko.

Ndiye pempho langa ndi ili. Pezani nyumba ya lendi ya chaka chimodzi, ku Centurion komweko kapena ku Midrand. Wogulitsa akakuuzani kuti pali wina akuifuna mawa, musiyeni agulitse, nyumba zotere akumanga tsiku ndi tsiku. Ngati mtima wakana ndithu kudikira, mupempheni mapepala atatu musanapereke kalikonse: lipoti la nthaka, ndondomeko ya ndalama za mpandawo ya zaka ziwiri zapitazi, ndi zimene anakambirana pamsonkhano wawo womaliza wa eni nyumba. Ubwere nawo kuno Loweruka lililonse limene suli pantchito tidzawerenge limodzi, ndipo bambo a Mphatso adzakhalepo, chifukwa sindifuna kuti amve ngati tikupangana kumbali.

Mayi ako akuti ubweretse mbale zawo ziwiri zija. Upereke moni kwa onse.

Ndine bambo ako.