Za nsalu za bulangeti lathu la zigamba

Azimayi anzanga a gulu losoka, moni nonse. Loweruka lino tikumane 2 koloko masana pamalo pathu paja ku Area 25, tidzasankhe nsalu za bulangeti la zigamba lija. Aliyense abweretse zidutswa za chitenje cha kotoni, kaya zotsala kwa telala kaya zogula ku msika wa Tsoka, koma chonde muzichape kaye, paja zofiira ndi zabuluu zimasuluka ndiye zikathimbiriritsa zoyera ntchito yonse yapita pachabe. Zoterera ngati satini ayi, zimavuta pa makina. Ineyo ndikuona kuti maluwa akuluakulu okhaokha asokoneza maso, bola tisakanize ndi nsalu zopanda maluwa, zowala ndi zoderako. Osaiwala sizasi ndi tepi.